Ndimagoma ndi mneneri Amosi: kodi ndingadzudzule ngati iye?

Funso: Ndine mkulu wa mpingo ndipo ndimatsogolera phunziro la Baibulo Lachitatu lililonse madzulo. Mwa aneneri onse ndimagoma ndi Amosi, chifukwa sankapsatira mawu ngakhale pamaso pa wansembe wa mfumu. Ndikufuna kuphunzitsa buku lake lonse. Vuto ndi lakuti mumpingo mwathu muli a katapila ndi ena ogula chimanga ndi masikelo okayikitsa, ndipo ndikangoyamba kudzudzula amati ndikunyoza anthu. Bukuli ndilitenge bwanji? Nanga n'kulakwa kulankhula molimba ngati iye?

Yankho: Bambo, si kulakwa, ndipo mwasankha mneneri woyeneradi kugoma naye. Koma tigwirizane kaye chimene tikugoma nacho. Ambiri akamati Amosi anali wolimba mtima amaganiza za liwu lokweza ndi mawu olasa. Mukaliwerenga modekha bukuli muona kuti mawu ake ankawawa chifukwa anali oona mpaka pa kanthu kakang'ono. Ankadziwa kukula kwa muyeso wa tirigu, kulemera kwa mwala wa pa sikelo, mtengo umene wosauka ankagulitsidwa nawo, ndi chovala chimene wolemera ankayala pambali pa guwa. Munthu womvetsera sakanatha kunena kuti akunama. Chimenechi ndicho muyenera kuphunzira kwa iye, ndipo ndi chovuta kuposa kukalipa.

Yambani ndi munthuyo. Ndime yoyamba imati anali mmodzi wa oweta nkhosa a ku Tekowa, mudzi wa kumapiri a Yuda, makilomita pafupifupi 16 kumwera kwa Yerusalemu. Pa 7:14 iye mwini akuti sanali mneneri kapena mwana wa mneneri, anali woweta ziweto ndi wosamalira mikuyu. Ndi mkuyu womwewu timauona m'mbali mwa mitsinje kuno kwathu. Alimi akale ankacheka nkhuyu iliyonse pang'ono ndi kampeni isanapse kuti ipse msanga, ntchito yotopetsa ya chipatso chimodzichimodzi. Mikuyu imakonda kuchigwa kotentha, monga ku Yeriko kumene Zakeyu anakwera umodzi, osati kumapiri a Tekowa, choncho Amosi ayenera kuti anali munthu woyenda, wodziwa njira ndi misika. Musafulumirenso kuphunzitsa kuti anali mmphawi. Liwu la Chiheberi limene lili pa 1:1 limapezekanso pa 2 Mafumu 3:4, pamene likunena za Mesa mfumu ya Mowabu, mwini nkhosa amene ankapereka msonkho wa ana a nkhosa 100,000. N'kutheka kuti Amosi anali ndi khola lakelake. Mfundo yake inali yakuti sankadyera uneneri, ndiye palibe amene akanamutseka pakamwa pomudulira malipiro.

Nthawi imene analalikira ndi yofunika kwambiri. Anali munthu wa ku Yuda wotumidwa ku ufumu wa kumpoto, wa Israeli, m'masiku a Yerobowamu wachiwiri amene analamulira zaka 41, pamene Uziya ankalamulira ku Yuda. Bukuli limati zinali zaka ziwiri chisanachitike chivomezi, chivomezi chachikulu chimene Zekariya 14:5 ankachikumbukirabe patapita zaka zoposa 200. Ofukula zakale anapeza makoma opendekeka ndi ogwa a nthawi imeneyo ku Hazori, ndipo akatswiri ambiri amaika ulaliki wa Amosi cha m'ma 760 Khristu asanabadwe. Dziko linali pa mtendere. Pa 2 Mafumu 14:25 timamva kuti Yerobowamu anabwezeretsa malire onse akale. Ku Samariya, likulu la ufumu wa kumpoto, kunafukulidwa zokongoletsera za minyanga ya njovu, komanso mu 1910 kunapezeka mapale olembedwa, onena za vinyo ndi mafuta zimene zinkatumizidwa ku likululo. Anthu ankakhamukira ku malo opembedzera a ku Betele ndi ku Giligala ndi nsembe ndi chakhumi. Aliyense ankaona kuti Mulungu wawadalitsa. Samariya anadzagwa m'manja mwa Asiriya mu 722 Khristu asanabadwe, patapita zaka ngati 40. Amosi ankanena za maliro pamene anthu anali pa ukwati.

Tsopano onani mmene anayalira nkhani yake m'mitu iwiri yoyamba, chifukwa apa ndi pamene otsanzira ambiri amaphonya. Sakuyamba ndi Israeli. Akuyamba ndi Damasiko, kumpoto chakum'mawa, amene anapuntha anthu a ku Giliyadi ngati mmene amapunthira tirigu ndi zitsulo. Kenako Gaza, kumwera chakumadzulo, amene anagwira midzi yathunthu n'kuigulitsa ku Edomu. Kenako Turo, Edomu, Amoni amene anatumbula amayi oyembekezera pofuna kukulitsa malire, ndi Mowabu. Mtundu uliwonse akuuyamba ndi mawu amodzimodzi, akuti chifukwa cha zolakwa zitatu, ngakhale zinayi, chilango sichibwezedwa. Mutha kuwaona omvetsera akugwedeza mitu, akuvomereza, poti onsewa ndi adani awo. Wachisanu ndi chiwiri ndi Yuda, kwawo kwa mlalikiyo, ndipo apa ayenera kuti anasangalala zedi. Mukajambula malowa pa bolodi muona kuti awazungulira ngati alenje ozinga tchire, ndipo pakati patsala Israeli yekha. Akamafika pa 2:6, anthu avomereza kale kasanu ndi kawiri kuti Mulungu amalanga wolakwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kanthu kena kamene ambiri sakaona: mlandu wa Mowabu pa 2:1 ndi wakuti anatentha mafupa a mfumu ya Edomu. Palibe Mwisraeli amene analakwiridwa pamenepo. Mulungu wa Amosi amaona ngakhale zimene akunja akuchitirana okhaokha.

Milandu ya Israeli si ya nkhondo. Ndi ya pamsika, pabwalo la milandu ndi m'nyumba yopembedzera. Akugulitsa wolungama ndi siliva, wosauka ndi nsapato. Bambo ndi mwana wake akupita kwa mtsikana mmodzi. Akugona pambali pa maguwa pa zovala zimene analanda ngati chikole, akumwa vinyo wa anthu amene anawalipiritsa chindapusa. Za zovalazi muwerenge pamodzi ndi Eksodo 22:26-27. Lamulo linkati ukatenga chofunda cha mnzako ngati chikole umubwezere dzuwa lisanalowe, chifukwa ndicho chokha afunde usiku. Ndiye taganizani: wangongole akunjenjemera ndi chisanu kunyumba, pamene womukongoza wayala chofunda chakecho m'kachisi, akupembedza. Simufunika kuwonjezera mawu anu pamenepa. Aliyense amene khadi lake la ku banki kapena njinga yake ili m'manja mwa wa katapila amva yekha, ndipo wa katapilayo amvanso.

Ndime imene ikukhudza kwambiri vuto lanu ndi 8:4-6, ndipo ndikupemphani muchedwepo. Amalonda akufunsana kuti mwezi watsopano utha liti, Sabata litha liti, kuti titsegule nkhokwe. Onani kuti Sabata akulisunga ndithu, sitolo yatsekedwa, koma mtima uli pa ndalama. Kenako akuti tichepetse efa, tikulitse sekeli, tinamize ndi sikelo. Efa unali muyeso wa tirigu wa malita pafupifupi 22, pafupi ndi ndowa ya malita 20 imene amayezera chimanga pamsika. Sekeli unali mwala woyezera siliva, wolemera magalamu pafupifupi 11. Nthawi imeneyo kunalibe makobidi, wogula ankaika tizidutswa ta siliva mbali imodzi ya sikelo, wogulitsa n'kuika mwala wake mbali inayo. Ndiye wogulitsa ankaba kawiri pa malonda amodzi. Muyeso wa tirigu ndi waung'ono, wogula walandira zochepa. Mwala ndi wolemera kuposa woyenera, wogula wapereka siliva wambiri. Werengerani pamodzi ndi ophunzira anu: efa ikachepa ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, mwala n'kulemera ndi gawo limodzi mwa khumi, wosaukayo akulipira pafupifupi 22 yowonjezera pa 100 iliyonse, iye osadziwa. Pamwamba pa zimenezi akumusakanizira zosesa za pansi m'tirigumo. Levitiko 19:35-36 ndi Deuteronomo 25:13-15 zinaletsa kale zonsezi, mpaka kuletsa kukhala ndi miyala iwiri yosiyana m'thumba limodzi. Munthu wonena zinthu mwatsatanetsatane chotere anaimapo pamsika n'kuona ndi maso ake.

Zifanizo zake nazo ndi za munthu wa kubusa. Pa 3:12 akuti Aisraeli adzapulumuka monga mbusa amalanditsira miyendo iwiri kapena kachidutswa ka khutu m'kamwa mwa mkango. Ena amalalikira ndimeyi ngati lonjezo la chipulumutso, koma sizili choncho. Pa Eksodo 22:13 munthu wosungira mnzake chiweto ankayenera kubweretsa zotsala za chiweto chojiwa ngati umboni kuti sanabe. Khutu limenelo ndi umboni wakuti nkhosa yafa. Pa 5:19 akufotokoza tsiku la Yehova limene anthu ankalilakalaka: munthu wathawa mkango n'kukumana ndi chimbalangondo, wafika m'nyumba, watsamira khoma kuti apume, njoka n'kumuluma. Ndipo pa 5:24, ndime yodziwika kwambiri m'buku lonse, chilungamo chikufanizidwa ndi mtsinje wosaphwa. Dziko lawo ladzaza ndi makwawa amene amasefukira mvula ikagwa n'kuuma gwaa dzuwa likatentha, monga makwawa athu amene mu Januwale sungaoloke koma mu Okutobala ana akuseweramo mpira. Mulungu akukana nyimbo ndi nsembe zawo chifukwa chilungamo chawo ndi cha nyengo.

Chenjerani ndi 4:1, pamene akutcha akazi olemera a ku Samariya ng'ombe za ku Basani. Basani linali dera la msipu wabwino kum'mawa kwa nyanja ya Galileya, ng'ombe zake zinali zonenepa. Ndimeyi yagwiritsidwa ntchito molakwika ponyoza amayi chifukwa cha thupi kapena kavalidwe. Mlandu umene Amosi akutchula ndi kupondereza osauka ndi kuphwanya aumphawi kuti phwando lisathe. Amuna awo akuwapeza pa 6:4-6, atagona pa mabedi a minyanga ya njovu, akudya ana a nkhosa ndi ana a ng'ombe onenepetsa m'khola, akumwera vinyo m'mabeseni, osamva chisoni ndi kuwonongeka kwa mtundu wawo.

Tsopano ndifike pa chimene, mwa kuona kwanga, chimamusiyanitsa Amosi ndi anthu ongokonda kukalipa. Mutu 5 akuuyamba ndi nyimbo ya maliro, akulira namwali Israeli amene wagwa osadzukanso. Ndipo m'mutu 7 muli masomphenya. Oyamba ndi dzombe likudya mbewu zomera mfumu itatenga kale gawo lake, kutanthauza kuti zimene zikudyedwazo ndi za anthu wamba. Achiwiri ndi moto. Kawiri konse Amosi akugwa pamaso pa Mulungu n'kupempha kuti akhululuke, aleke, chifukwa Yakobo, kutanthauza mtundu wa Israeli, ndi wamng'ono, adzaima bwanji. Kawiri konse Mulungu akuleza. Taganizani, munthu amene pamsika akuwatcha anthuwa opondereza, kwa Mulungu akuwatcha aang'ono ofunika chifundo, ndipo si a dziko lake. Anthu a ku Betele sanamve pempherolo, anangomva chidzudzulo. M'masomphenya achitatu, a chingwe chimene amisiri amayesera ngati khoma laongoka, ndi achinayi, a dengu la zipatso zakupsa, Amosi sakupemphanso. Khoma lapendekeka, chipatso chapsa. Pa 8:2 pali kusewera ndi mawu m'Chiheberi, chifukwa liwu la zipatso za m'chilimwe limamveka ngati liwu lotanthauza mapeto. Muwafotokozere zimenezi ophunzira, apo ayi ndimeyo siimveka.

Dzifunseni moona mtima ngati munatchulapo dzina la wa katapilayo m'pemphero lanu la nokha, mukumupemphera osati kumudandaula. Anthu amazindikira msanga ngati wowadzudzula akumva kuwawa kapena akumva kukoma.

Nkhani ya Amaziya pa 7:10-17 ndi imene mwaitchula m'funso lanu, ndipo ili ndi phunziro limene lingakutetezeni. Betele anali malo opembedzera a boma, pafupi ndi malire a Yuda. Wansembe Amaziya anatumiza uthenga kwa mfumu kuti Amosi akukonza chiwembu ndipo dziko silingathe kupirira mawu ake. Yerekezani 7:9 ndi 7:11. Amosi ananena kuti Mulungu adzaukira nyumba ya Yerobowamu ndi lupanga. Amaziya anakanena kuti Amosi akuti Yerobowamu adzafa ndi lupanga, ndipo dzina la Mulungu analichotsamo. Anasintha pang'ono chabe, koma ulaliki unasanduka mlandu woukira boma. Mbiri inatsimikiza mawu enieni a Amosi: 2 Mafumu 14:29 imati Yerobowamu anagona ndi makolo ake, koma mwana wake Zekariya analamulira miyezi isanu ndi umodzi yokha n'kuphedwa ndi Salumu, monga ikunenera 2 Mafumu 15:8-10. Zotere sizachilendo kwa ife. Kalata ya maepiskopi a Katolika imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992 inatchula zinthu zimene aliyense ankazidziwa, za malipiro, sukulu, zipatala ndi ufulu wolankhula, ndipo boma la nthawiyo linaitcha youkira. Inaima chifukwa inali yolembedwa ndi yosainidwa, aliyense akanatha kuiwerenga yekha. Inunso pa nkhani zovuta lembani zimene mukanene, ndipo sungani pepalalo. Mawu anu adzafika kwa ena atapindidwa.

Onaninso kuti m'buku lonse Amosi sanatchule dzina la wamalonda ngakhale mmodzi, kapena la woweruza wolandira ziphuphu. Anatchula mchitidwe mwatsatanetsatane, mwini wake n'kudzizindikira. Mwa anthu a mu Israeli a nthawi yake anatchula nyumba ya mfumu, ndi Amaziya amene anayamba yekha kumuthamangitsa, ndipo anamuyankha pamaso.

Kaphunzitsidwe kake ndingakulangizeni motere. Bukuli lili ndi mitu 9 ndi ndime 146, ndipo kuliwerenga mokweza sikupitirira theka la ola. Lachitatu loyamba liwerengeni lonse, anthu atatu kapena anayi akusinthana, popanda kufotokozera, kenako mungonena za Tekowa, Betele ndi nthawi ya Yerobowamu. Sabata yachiwiri tengani 1:3 mpaka 2:16 nthawi imodzi. Mukaidula pakati msampha uja sugwira, anthu apita kwawo akungoganiza za machimo a Damasiko. Yachitatu mitu 3 ndi 4, ndipo muwauze awerenge okha kuti mawu akuti simunabwerere kwa Ine akubwerezedwa kangati kuyambira 4:6 mpaka 4:11. Apeza kasanu, pambuyo pa njala, chilala, chinsikwi ndi dzombe, mliri ndi nkhondo, ndi kuwonongeka kwa mizinda. Samalani kuti wina asachoke akuganiza kuti chilala chilichonse ndi chilango cha tchimo la uje, chifukwa Amosi ankanena za mtundu umene unali pa pangano, mwa vumbulutso limene iye anapatsidwa. Yachinayi mitu 5 ndi 6, yachisanu 7:1 mpaka 8:3, yomaliza 8:4 mpaka kumapeto. Lonjezo la pa 9:11-15, la kuutsanso msasa wa Davide umene unagwa, musalibweretse msanga pofuna kutonthoza anthu, koma musalisiyenso. Yakobo, mtsogoleri wa mpingo woyamba, analigwiritsa ntchito pa msonkhano wa ku Yerusalemu pa Machitidwe 15:16-17, pofotokoza kuti anthu a mitundu ina nawonso ndi olandiridwa.

Zimene zimalakwika kawirikawiri ndi izi. Mphunzitsi amadzudzula anthu amene palibe, andale ndi mabwana a kutauni, gulu lonse n'kumaomba m'manja. Kumeneko ndi kuima pa 2:5, osafika pa mlandu wa Israeli. Amosi anapitirira mpaka kwa amene anali patsogolo pake, ndipo pa 3:2 akuti kusankhidwa ndi Mulungu ndiko chifukwa chake cha chilango. Wina amalalikira mphekesera, n'kupezeka kuti sikelo inali yabwinobwino, ndipo kuyambira tsiku limenelo palibe amene amumveranso ngakhale anene zoona. Wina amamenya munthu mmodzi ndi mawu okuluwika pa guwa, mpingo wonse ukudziwa amene akunenedwa, pamene sanapiteko kunyumba kwake ngakhale kamodzi. Ngati anthu anu akuti mukunyoza, onani ngati si chimenechi. Mwinanso akungothawa choonadi, poti 5:10 imanena kuti amadana ndi wodzudzula pabwalo, koma musathamangire kudziika m'ndime imeneyo musanadziyese.

Pa nkhani ya masikelo, yambani ndi kutsimikiza. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Yezani chigubu chopanda kanthu, muthiremo malita 20 oyeza bwino, muyezenso, ndipo kusiyana kwake kuyenera kukhala makilogalamu 20. Paketi ya shuga ya kilogalamu imodzi yosatsegula imathandiza pa sikelo yaing'ono. Ndowa muione pansi ngati sinaphwanyidwire m'kati kapena kunja, ndipo muone ngati yogulira ndi yogulitsira ili imodzi. Bungwe la Malawi Bureau of Standards ndi limene limayesa masikelo a malonda, choncho wamalonda woona sangavutike kuonetsa kuti yake inayesedwa. Pa katapila dziwani ndalama imene inakongozedwa, imene ikubwezedwa, nthawi yake ndi chikole chimene chinatengedwa, kuchokera kwa wokongolayo mwini, iye atavomera kuti nkhani yake ikambidwe. Deuteronomo 19:15 imafuna mboni ziwiri kapena zitatu.

Mukatsimikiza, tsatani Mateyu 18:15-17. Pitani nokha kaye, kunyumba kwake, pa nthawi imene palibe makasitomala kapena ana. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo ambiri amamva akaona kuti mwawasungira ulemu. Nenani chinthu chimodzi chimene mwachiona, ndi manambala ake, ndipo munene chimene angachite: kukonzetsa sikelo, kubweza khadi, kuchotsa chiwongoladzanja chimene chapitirira. Amosi sanasiye anthu opanda khomo lotulukira, pa 5:14-15 akuti funani zabwino, danani ndi zoipa, khazikitsani chilungamo pabwalo, mwina Yehova adzachitira chifundo otsala. Akakana, bwererani ndi mkulu wina mmodzi kapena awiri amene alibe naye ngongole kapena chidani. Akakanabe, nkhaniyo ipite kwa abusa ndi bwalo la akulu a mpingo monga mwa dongosolo la mpingo wanu. Phunziro la Lachitatu lipitirire kuphunzitsa ndime ya efa ndi sekeli kwa onse, popanda dzina la munthu, ndipo musanaiphunzitse muyeze kaye ndowa ya kunyumba kwanu ndi malipiro amene mumapatsa aganyu a m'munda mwanu.